Kodi Masamuwa Tidzadya?

Anzanga nonse amene mwaima pa bolodi pano, makamaka a Fomu 2 anzanga,

Lachitatu lapitali pa buleki tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa kalasi lathu n'kumakambirana za chaka cha mawa. Aliyense amatchula phunziro lomwe adzalitaye akadzangolowa Fomu 3. Wina anati iye Mbiri watsanzikana nayo kale poti akufuna unamwino. Wina anati akanakhala ndi mphamvu, Masamu akanawasiya tsiku lomwelo chifukwa iye adzakhala muulutsi wa pa wailesi. Kenako mnyamata wina, yemwe sindimutchula dzina poti akudzidziwa yekha, anafunsa funso lomwe linatiseketsa tonse: "Kodi masamuwa tidzadya?"

Ndinaseka nawo, koma poweruka funsolo linanditsata mpaka kunyumba. Ine ndimayenda ola limodzi ndi theka wapansi, ndiye nthawi yoganiza ndimakhala nayo yambiri. Ndaona kuti funso la mnzathuyu ndi labwino zedi. Vuto n'lakuti timalifunsa mocheza, n'kunyamuka osadikira yankho. Ine ndikuti tilifunse mwachilungamo pa phunziro lililonse lomwe tonse timakakamizidwa kuphunzira, ndipo yankho lake lilembedwe poonekera kuti aliyense azidziwa chomwe akuvutikira.

Chomwe chinandipatsa maganizo amenewa ndi kope la achimwene anga. Iwowo ali chaka choyamba pa koleji ina, akuphunzira za ulimi wothirira. Atabwera ku holide ndinatsegula chikwama chawo mwakuba, ndikuyembekezera kuona zithunzi za mapampu ndi mapaipi. Ndinapezamo kope lathunthu la kalembedwe ka malipoti, kafupikitsidwe ka nkhani yaitali, ndi kayankhulidwe pagulu. Nditawafunsa anaseka n'kunena kuti, "Iwe, nanenso ndinkaganiza kuti Chingerezi ndinachisiya pa geti la sekondale. Kumeneko aliyense wa chaka choyamba amaphunzira zimenezi, kaya akufuna kudzakhala ndani." Anandiuzanso kuti lipoti lawo loyamba linabwerera lofiira ndi inki. Masamu onse anali olondola, koma mphunzitsi analemba pansi kuti sakumva chomwe akufuna kunena.

Kenako anandionetsa pepala lomwe amapatsidwa tsiku loyamba la phunziro lililonse. Pamwamba penipeni pamakhala mndandanda wa zolinga, ndipo umayamba ndi mawu onena kuti pomaliza phunziroli wophunzira azitha kuchita chakuti ndi chakuti. Mawu akuti "azitha" ndi amene anandigwira mtima. Ife kuno tikamanena za phunziro timati "tamaliza topiki" kapena "takopera manotsi". Sindinamvepo mnzanga akunena kuti "tsopano ndikutha kuchita chakuti". Kumaliza topiki ndi kutha kuchita kanthu ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngati mmene kufika kumunda kumasiyanirana ndi kulima.

Nditawafotokozera aphunzitsi athu a Jogalafe za pepalalo, anandiuza kuti ku America nkhaniyi anaikulitsa kwambiri. Makoleji ambiri kumeneko ali ndi chomwe amati general education, kutanthauza maphunziro a aliyense. Munthu asanazame pa ntchito yomwe wasankha, ayenera kudutsa m'maphunziro a kulemba, a manambala, a sayansi, a mbiri ndi a zaluso. Pa yunivesite ya Columbia mumzinda wa New York, dongosolo lotere linayamba mu 1919, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangotha, ndipo lilipo mpaka lero. Ophunzira a pa koleji yake yaikulu amawerenga mabuku akale ofanana n'kumakambirana m'magulu ang'onoang'ono, amaphunzira za nyimbo ndi zojambula, amalawa sayansi, ngakhale mayeso osambira amayesedwa. Wofuna udokotala ndi wofuna uloya amakhala pa benchi imodzi.

Wina anena kuti, "Aaa, zimenezo ndi za azungu." Koma mwana wa kwathu konkuno anadutsamo. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anasiya sekondale chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Ali ndi zaka 14 anapanga makina a mphepo opanga magetsi pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi zipangizo za njinga, atabwereka buku lotchedwa Using Energy ku laibulale yaing'ono ya kwawo. Bukulo linali la Chingerezi, ndipo Chingerezi chake chinali chochepa, moti ankadalira kwambiri zithunzi. Pambuyo pake anakaphunzira pa koleji ya Dartmouth ku America n'kumaliza mu 2014. Pa koleji imeneyo munthu samaliza asanaphunzire kulemba, zolembalemba, za chikhalidwe cha anthu, manambala ndi sayansi. Ngakhale munthu amene dziko lonse linkamudziwa ndi makina, sanamulole kuti azingoona makina okha. Ndipo taganizani: dziko likanamudziwa bwanji akanalephera kufotokoza zomwe anapanga?

Zolinga zomwe makoleji otere amalemba zimafanana kwambiri. Aphunzitsi atanditchulira, ndinazilemba kumapeto kwa kope langa n'kuyamba kuziyesa ndi moyo wa kumudzi kwathu, kuti ndione ngati zili za ku America kokha. Nazi zomwe ndapeza.

Choyamba, munthu azitha kulemba ndi kuyankhula momveka. Kwathu ine ndine mlembi wa banja lonse. Agogo akafuna kutumiza uthenga kwa amalume ku Johannesburg, amaitana ine. Komiti ya mjigo itafuna kulemba kalata yopempha thandizo lokonzera mjigo, anabwera kwa ine poti "uli ku sekondale". Ndinatuluka thukuta, anzanga. Ndimadziwa kutchula zigawo za kalata monga tinaloweza, koma kunena vuto lathu m'mizere isanu yomveka kunandikanika. Apa m'pamene ndinazindikira kuti Chichewa chomwe timachiderera chija ndi ntchito yeniyeni. Namwino amene amadziwa matenda koma sangathe kuwafotokozera agogo m'Chichewa chomveka kuti mankhwala amwe kangati patsiku, ntchito yake yathera panjira. Mnzanga wofuna unamwino uja amve pamenepa.

Chachiwiri, munthu azitha kugwiritsa ntchito manambala kuti asapusitsidwe. Apa ndiye pali yankho la mnzathu wa pansi pa mango. Chaka chatha mwezi wa Januwale, njala itavuta, wachibale wathu wina anatenga katapila wa K20,000 kuti akabweze K30,000 pakutha pa mwezi. Mwezi unatha ndalama palibe. Wobwereketsayo anawerengera chiwongoladzanja pa K30,000 ija, ngongole n'kufika K45,000. Mwezi wachitatu inali K67,500. Mbuzi ziwiri zinatuluka m'khola ife tikuona. Sabata yomwe tinkaphunzira mapelesenti ndi chiwongoladzanja m'kalasi, ine ndinkangoona ngati samu za pa bolodi. Nditawerengera ngongole ija ndinapeza kuti ndi 50 pelesenti pa mwezi, yoberekana mwezi ndi mwezi. Masamu sitidya, n'zoona. Koma wosadziwa masamu amadyedwa.

Chitsanzo china chili pa thumba la feteleza lomwe lili m'nyumba mwanu. Pa thumba la Urea pamalembedwa 46. Nambala imeneyo ikutanthauza kuti pa makilogalamu 100 aliwonse, 46 ndi nayitirojeni, chakudya chomwe chimabiriwitsa chimanga. Ndiye m'thumba la makilogalamu 50 muli makilogalamu 23 a nayitirojeni. Thumba la CAN lolembedwa 27, lolemera chimodzimodzi, lili ndi makilogalamu 13 ndi theka okha. Matumba awiriwa akaikidwa pamodzi pasitolo mitengo yake n'kumayandikana, amene akutha kuwerengera adziwa komwe kuli phindu. Pamenepa Masamu, Ulimi ndi Kemisitiri zakumana pa thumba limodzi, pomwe ife pa taimutebulo timaziona ngati anthu osalonjerana.

Chachitatu, munthu azitha kufunsa umboni asanakhulupirire nkhani. Mu 2017 ndinali mwana, koma akuluakulu amasimbabe za mphekesera ya anamapopa yomwe inayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka Blantyre. Anthu ankagona panja ndi mantha, misewu inatsekedwa, ndipo anthu angapo osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya. Palibe amene anaonetsa umboni wa munthu wopopa magazi. Lero mphekesera zimathamanga kuposa kale chifukwa cha WhatsApp. Uthenga umabwera wopanda dzina la wolemba, wopanda tsiku, n'kumati "tumizani kwa anthu khumi". Munthu wophunzira ayenera kuima kaye n'kufunsa kuti, wanena ndani? Waziona yekha? Akupindulapo chiyani? Mafunso amenewa ndi omwe timaphunzira mu Mbiri tikamasiyanitsa nkhani ya munthu amene analipo ndi ya amene anangomva. Ndi omwenso timagwiritsa ntchito poyankha mafunso a nkhani yowerenga mu Chingerezi. Ndiye amene ukutaya Mbiriwe, taya mayeso ake ngati wafuna, koma mafunso atatuwa upite nawo. Paja safunsa anadya phula.

Chachinayi, munthu azitha kumvetsa chifukwa chake zinthu zimachitika, ndi kuyesa m'malo mongoganizira. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023 yomwe inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Malamulo tinawamva pa wailesi: sambani m'manja, thirani kolorini m'madzi. Koma lamulo lopanda chifukwa munthu amalisiya akangotopa. Amene anamvetsa Bayoloje amadziwa kuti kolera imabwera ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timachokera m'chimbudzi cha wodwala n'kulowa m'madzi kapena m'chakudya. Amadziwa kuti madzi ooneka oyera angathe kukhala ndi tizilomboti. Amadziwanso kuti chomwe chimapha ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi, n'chifukwa chake paketi imodzi ya thanzi yosungunulidwa mu lita imodzi ya madzi abwino imapulumutsa moyo pa ulendo wopita kuchipatala. Munthu wotere safunika womulondera. Ndipo njira ya sayansi sifuna labu yokha. Ine ndi mng'ono wanga tinabzala nyemba m'mizere iwiri kudimba, mbewu imodzi, tsiku limodzi, madzi ofanana, koma mzere umodzi wokha tinathira manyowa. Ukasintha chinthu chimodzi chokha, umadziwa chomwe chabweretsa kusiyana. Imeneyo ndi sayansi, ngakhale tinachita ndi khasu.

Chachisanu, munthu azitha kudziwa dziko lake, ufulu wake ndi udindo wake, komanso kukhala bwino ndi anthu osiyana naye. Ambiri timasangalala ndi holide ya pa 15 Januwale osadziwa bwino chomwe John Chilembwe anaukira mu 1915. Timamva za ufulu wa 1964 ndi riferendamu ya 1993 ngati manambala oloweza. Koma zinthu zimenezi zimafika mpaka pakhomo. Mtsikana wina amene tinali naye Sitandade 8 sali pano lero. Anakwatiwa ali ndi zaka 16. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane nalo. Ndimadzifunsa kuti ife anzake tikanadziwa zimenezi bwinobwino, n'kudziwanso kuti tikadandaule kwa ndani, kodi zikanatha chimodzimodzi? Sindikudziwa. Chomwe ndikudziwa n'chakuti tinangokhala chete chifukwa tinkaona ngati ndi nkhani ya akuluakulu.

Tsopano ndikudziwa kuti ena mukuwerenga mukugwedeza mutu, ndipo zifukwa zanu ndazimva. Ndiziyankha mmene ndingathere.

Ena mukuti nthawi ilibe. N'zoona. Ife si a sukulu yogonera komweko. Ndikafika kunyumba pamakhala kutunga madzi, kuphika, nthawi ya dzinja kupalira. Mdima ukagwa ndimawerenga ndi tochi ya batire, ikatha mphamvu basi ndagona. Munthu wotere ukamusenzetsa maphunziro khumi ndi awiri, onse adzangowanyambita. Ine sindikunena kuti tisasankhe maphunziro ku Fomu 3. Tisankhe ndithu, ndipo tisankhe mwanzeru. Ngakhale ku makoleji ndatchula aja munthu amakhala ndi phunziro lake lalikulu lomwe amazamapo. Chomwe ndikukana ndi mtima uja wonena kuti "ine ndine wa sayansi, kulemba si mbali yanga" kapena "ine ndine wa zilankhulo, manambala andipatse mtendere". Phunziro ungalisiye, koma luso lake moyo udzakufunsabe.

Ena mukuti chofunika ndi mayeso basi, poti a MANEB safunsa za katapila wa kumudzi kwanu. Inenso JCE ndikuiopa ngati inu nomwe, ndipo sindinamizira kulimba mtima. Koma tiwerenge bwino malamulo a mayesowo. Pa MSCE munthu akalephera Chingerezi, satifiketi palibe, ngakhale akhoze bwanji Fizikisi. Kuti uganiziridwe malo pa yunivesite za boma monga UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MZUNI kapena MUST, pamafunika makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo maphunziro ambiri amafunanso Masamu. Ndiye ngakhale amene akuganiza za mayeso okha sangathawe maphunziro a aliyensewa. Komanso ndaona ndekha kuti zomwe ndinaloweza usiku umodzi zimauluka mayeso akangotha, pomwe mapelesenti sindidzawaiwalanso chifukwa ndinawaona akutulutsa mbuzi m'khola.

Ena mukuti ku America ali ndi ndalama, ife buku limodzi timalimbirana anthu asanu ndipo labu timangoimva. Pamenepa sinditsutsa. Zimandiwawa nanenso kujambula chipangizo chomwe sindinachigwirepo. Tipitirize kupempha mabuku ndi zipangizo. Koma kulemba cholinga cha phunziro pamwamba pa bolodi kumafuna choko chokha. Kubweretsa thumba lopanda kanthu la feteleza m'kalasi la Masamu sikufuna ndalama. Kulemba kalata yeniyeni yopita ku komiti ya sukulu m'malo mwa kalata yongopeka sikufuna magetsi.

Ndipo pali mfundo ina yowawa yomwe sitikonda kuitchula. Tayang'anani mndandanda wa amene anasankhidwa kupita ku yunivesite kuchokera pasukulu pathu pano zaka zapitazi. Mayina ake mungawawerenge ndi zala. Ndikufunira aliyense wa ife zabwino, ndipo inenso ndikulimbikira kuti dzina langa lidzakhalepo. Koma kunena zoona, ambiri a ife tikadzatuluka pa geti ili pomaliza Fomu 4, sitidzakhalanso pa desiki. Achimwene anga anapeza mwayi wachiwiri wophunzira kulemba lipoti ku koleji. William Kamkwamba anaupeza ku Dartmouth. Ambirife mwayi wachiwiriwo sudzabwera. Maphunziro a aliyense omwe anzathu amakawapeza ku koleji, athu ndi ano, m'makalasi ano a mawindo osweka. Tikawataya pano, tawataya mpaka kale. Ndipo ndi ifeyo amene tidzakhale alembi a banki m'khonde, a komiti ya mjigo, a komiti ya sukulu ya ana athu, ogulitsa soya kwa mavenda obwera ndi sikelo zawo. Mudzi udzatidalira poti "anafika ku sekondale". Tidzawayankha chiyani?

Choncho ndili ndi mapempho awiri.

Kwa aphunzitsi athu, mwaulemu ndithu, ndikupempha kuti poyamba topiki muzitiuzako m'chiganizo chimodzi chomwe tidzathe kuchita tikamaliza. Ena mumachita kale, ndipo makalasi anu ndi amene sitigona. Wina akafunsa kuti "zimenezi zidzatithandiza chiyani?" musamuone ngati wamwano. Nthawi zambiri amakhala akufunadi kudziwa, kungoti wafunsa moseka poopa anzake.

Kwa inu anzanga, ndamata pepala lopanda kanthu pansi pa nkhaniyi, ndipo pensulo ndamangirira pa msomali. Chonde isasowe. Sankhani phunziro lomwe mumadana nalo kwambiri, osati lomwe mumalikonda, ndipo mulembe mzere umodzi woyamba ndi mawu akuti "Pomaliza Fomu 4 ndizitha". Musalembe kuti ndizitha kukhoza mayeso. Lembani chinthu chomwe amayi anu kapena agogo anu angachione ndi maso. Dzina musalembe ngati mukuchita manyazi. Amene simukugwirizana nane lembaninso zifukwa zanu, tidzakambirane pa kalabu ya mtsutso Lachisanu.

Ine ndayamba kale. Phunziro lomwe limandizunza ndi Fizikisi, ndipo ndalemba kuti pomaliza Fomu 4 ndizitha kudziwa chifukwa chake batire ya sola ya kutchalitchi kwathu imatha mphamvu msanga, n'kuwafotokozera akuluakulu a mpingo m'Chichewa chomveka. Nawe mnzanga wa pansi pa mango, mzere wachiwiri ndakusungira.

Ndine mnzanu,
Mtsikana wa mu Fomu 2